A Kamtedza ndi Duwa Lawo Lachikasu

Lamlungu lapitali tinali ndi misa yokumbukira a Kamtedza, amene ambiri kuno ku Dublin tinkawatchula kuti a Dokotala. Patha chaka chiwaikireni m'manda. Tinalipo anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo wansembe ndi azungu awiri okalamba amene sajomba misa iliyonse. Pamaliro penipenipo sitinachuluke kuposa pamenepa. Aliyense wodziwa mmene Amalawi timasonkhanirana mnzathu akatisiya kunja kuno, mmene timadzazira nyumba mpaka ena kukhala pamasitepe, aona yekha kuti panali chifukwa. Chifukwacho ndikuchidziwa. Ndinakhala nawo khomo loyandikana ku Mulhuddart zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tsiku limene anthu anawatembenukira ndinalipo.

Ndine ndinawapeza atamwalira. Linali Lachiwiri m'mawa, makatani awo anali otseka mpaka naini koloko, chinthu chimene sichinachitikepo. Kiyi wawo wachiwiri ankakhala kwa ine. Ndinawapeza ali pampando wa kukhitchini atavala jekete, nsapato zopolishidwa, wailesi ikungodzilankhulira. Achipatala anati unali mtima.

Anali munthu wamtali, wowonda, woyenda ngati akupita kukayendera odwala. Ntchito yawo inali yokolopa ku Dublin Airport, koma pochoka pakhomo ankamanga tayi, n'kukavala ovolosi akafika komweko. Ku Malawi anagwira ntchito m'chipatala cha boma zaka zoposa makumi awiri, akuona odwala, kusoka mabala, ngakhale kuchita maopareshoni ang'onoang'ono dokotala wamkulu akasowa. Kuno mapepala awo a sukulu sanawerengedwe kanthu. Dzina la a Dokotala ena ankalitchula mwaulemu, ena moseka, ndipo eni akewo ankadziwa kusiyanitsa.

Sanali munthu wophweka kukhala naye. Ankakonza anthu polankhula, ngakhale pagulu. Panali mayi wina amene ankabweretsa mapiritsi ndi mafuta oyeretsa khungu m'masutikesi kuchokera kumudzi, n'kumagulitsa tikatuluka m'tchalitchi. Tsiku lina a Kamtedza anatola botolo limodzi, anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza zolembedwa pamenepo, kenaka n'kufotokozera anthu zimene mankhwalawo amachita ku impso. Mayiyo sanawapatsenso moni mpaka imfa yawo. Nditawafunsa chifukwa chimene sanamuitanire pambali, anati impso za anthu sizinawonongekere pambali.

Ankakonda kunena kuti mankhwala ndi poizoni ndi ana a mimba imodzi, ndipo chowasiyanitsa ndi muyeso basi. Ankatinso wodwala amamva theka la zimene wauzidwa, theka limene akulifuna. Bodza la munthu wachipatala ankalida kuposa tchimo lina lililonse. Patapita zaka ndinamva chifukwa chake. Anathawa kwathu atakana kulemba kuti munthu wina amene anabwera naye m'chipatala atamenyedwa mpaka kufa wamwalira ndi malungo. Amene ankafuna kuti alembe zimenezo anali anthu amphamvu. Akazi awo anamwalira ku Dedza iwo ali kuno akudikira mapepala, ndipo sanathe kukawaika. Nkhani imeneyi anandiuza kamodzi kokha, tikudikira basi, akuyang'ana kwina.

Anali ndi nthenda yawo yomwe sinkaoneka. Mtsempha wa kumanzere kwa nkhope unkawabaya ngati magetsi. Kamphepo kozizira kakangowakhudza patsaya, kapena kapu ikakhudza mlomo molakwika, ankaima njii pomwe alipo, diso limodzi likutuluka misozi, osatha kulankhula. Ankazinga mpango kumaso ngakhale mu June. Masiku ena ankameta ndevu mbali imodzi yokha. Ankamwa mapiritsi a kuchipatala, amene ankathandiza miyezi ingapo, n'kusiya, n'kuyambanso.

Duwa lija linabwera pakhomo pawo kudzera kwa mayi wina wachizungu, a Breda. Asanayambe ku eyapoti, a Kamtedza ankasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo a Breda anali mmodzi mwa iwo. Bambo a mayiyu anali ndi sitolo ya mankhwala kalekale, ndipo iwo anakulira pakati pa mabotolo. Anali munthu yekhayo m'dziko lino amene ankafunsa a Kamtedza maganizo awo pa za matenda n'kumamvetsera yankho. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kanyumba ka magalasi, mmene munali chomera choyanga cha masamba osalala ndi maluwa achikasu ooneka ngati timalipenga. Ankachitchula jesamini wachikasu. Anati kwawo kwenikweni ndi ku America, kumadera otentha, ndipo madokotala akale ankatenga madontho a muzu wake n'kumapatsa anthu odwala mutu wa ching'alang'ala, malungo, ndi ululu wa mtsempha wa kunkhope ngati wa a Kamtedza. Anadzasiya ataona kuti mpata wa pakati pa kuchiza ndi kupha ndi wochepa kwambiri. Chomera chonsecho n'chakupha, muzu, tsamba, duwa, ngakhale timadzi ta m'duwamo. A Breda atatsala pang'ono kumwalira anawadulira kanthambi.

A Kamtedza anamanga kanyumba kawo ka matabwa ndi pulasitiki kotsamira khoma la kuseri, kuti chisanu chisaphe chomeracho. Chinakula n'kudzaza khoma lonse. Chinkachita maluwa dzinja likamatha, nthawi imene mitengo ina yonse ikadali yopanda tsamba, ndipo fungo lake linkafika mpaka kukhitchini kwanga. Pochigwira ankavala magolovesi. Ndinawafunsapo ngati sanayesedwepo kumwako tsiku limene nkhope yawavuta.

"A Nangozo," anatero, poti ankanditchula ndi mfunda wanga, "ndimachiyang'ana tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse ndimati ayi. Ndikanakhala wosadziwa bwenzi nditamwa kalekale."

Cholakwa chawo chinali chimodzi, ndipo ankachivomera okha. Ankakonda kuphunzitsa. Pa phwando lina la ubatizo pakhomo panga, alendo anatuluka panja, anaona maluwa aja, n'kuyamba kufunsa. A Kamtedza anaima pakhomo pa kanyumbako ngati mphunzitsi, n'kufotokoza zonse zimene a Breda anawauza, za madokotala akale ndi mutu wosamva mapiritsi. Ananenanso momveka kuti n'chakupha ndipo munthu asayerekeze. Ndinamva ndi makutu anga. Koma pagulupo panali Edina.

Edina ankagwira nane ntchito panyumba yosamalira okalamba. Iye anali ndi mapepala okhalira m'dziko muno. Mlongo wake wamng'ono, Yona, analibe. Yona anabwera ngati mwana wa sukulu, viza inatha, anapempha kuti akhale, anakanidwa, ndipo analandira kalata yoti achoke. Sanachoke. Ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu pa dzina la munthu wina, n'kumagona m'chipinda chaching'ono kwa mlongo wakeyo, misewu iwiri kuchokera kwathu. Anali mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wofatsa, wa mkazi ndi ana awiri ku Balaka. Mutu unkamuwawa kwa miyezi. Kwa dokotala sankafuna kupita, poopa kufunsidwa dzina.

Patapita milungu iwiri chichitikire phwando lija, Edina anapita kwa a Kamtedza kukapempha masamba. Anamukaniza. Anamuuza kuti mutu wotero mwina ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anadzipereka kumuperekeza Yona kuchipatala iwo eni. Edina anathokoza n'kuchoka. Iye anaganiza zimene ambiri a ife tikanaganiza, zoti mkuluyu akumana mankhwala amene iye mwini amamwa mobisa. Loweruka lotsatira a Kamtedza ali ku shifiti ya m'mawa, Edina analowa pa geti ya kuseri, anathyola masamba ndi maluwa, n'kukawiritsa.

Foni yanga inalira cha m'ma wani koloko masana. Edina ankalankhula monong'ona.

"Asisi, bwerani msanga. Yona sakuoneka bwino. Musauze munthu."

Ndikutuluka, ndinaona a Kamtedza akutsika basi, tayi ili m'khosi. Ndinawauza kuti anditsate. Sindikudziwa chimene chinandichititsa kusamvera Edina.

Tinapeza Yona atakhala pansi m'khitchini, atatsamira kabati. Zikope zake zinali zitagwa, ankazikweza ndi chala kuti atione. Thukuta linali kamukamu. Anati akuona anthu asanu ndi mmodzi m'malo mwa atatu, ndipo miyendo sikumumvera. Mawu ankatuluka ngati a munthu woledzera. A Kamtedza anagwada, anamugwira pamkono, anayang'ana m'maso mwake, kenaka anadzuka n'kuvundukula kapoto kamene kanali pachitofu. Anangoyang'anamo kamodzi.

"Wamwa nthawi yanji?"

"Cha m'ma thwelofu," anayankha Edina. "Ndinangoti pang'ono pokha, bambo."

"Imbani ambulansi."

Edina anaima kutsogolo kwa chitseko. "Ayi bambo, chonde. Akabwera amutenga. Inu ndinu dokotala, mupatseni chomusanzitsa. Mkaka ulipo."

"Chomera ichi chilibe mankhwala ochibweza, mayi. Chimagwira mpweya. Pakapita kanthawi chifuwa chake chisiya kukoka, iye ali maso akumva zonse. Chofunika ndi makina omupumira mpaka poizoni atatha m'thupi. Makinawo ine ndilibe."

Yona nayenso anayesa kulankhula. Anagwira buluku la a Kamtedza ndi zala zopanda mphamvu. "Musaimbe, madala. Ana anga adya chiyani?"

A Kamtedza anamuyang'ana kanthawi. Kenaka anatulutsa foni yawo m'thumba la jekete n'kuimba. Edina anawagwira dzanja kufuna kuwalanda, iwo anamukankhira pambali ndi chigongono, n'kumalankhula Chingerezi chawo chodekha, kutchula adiresi, dzina la chomera, ndi nthawi imene wamwa. Edina anakhala pansi n'kuyamba kulira, akuti mwatipha, mwatipha.

Ambulansi isanafike, Yona anasiya kupuma. Milomo inayamba kuda. A Kamtedza anamugoneka chagada, anamupendeketsa mutu, anachotsa mpango wawo kumaso, n'kuyamba kumuuzira mpweya pakamwa. Ine ndinkadziwa chimene kukhudza mlomo kumawachita. Atangouzira kachitatu ndinaona nkhope yawo ikukokeka mbali imodzi, diso likutuluka misozi, thupi lonse likunjenjemera. Sanasiye. Ankauzira, n'kudzutsa mutu, n'kubuula ngati nyama yolasidwa, n'kuuziranso. Ndinawauza kuti ndiwalandire, poti ifenso timaphunzira zimenezi kuntchito. Anandilozera dzanja la Yona kuti ndizimvera kugunda kwa mtima, n'kupitiriza. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Achipatala atalowa n'kumuika Yona chopumira, a Kamtedza anakwawira pakona, anagwira tsaya ndi manja awiri, ndipo sanathe kutulutsa mawu mpaka madzulo.

Yona anakhala pa makina masiku angapo, n'kutsitsimuka. Anamupezanso ndi kuthamanga kwa magazi kwakukulu, monga a Kamtedza ananenera. Koma munthu akamwa poizoni woperekedwa ndi wina, apolisi amabwera. Anamutenga Edina kukamufunsa. Iye, pofuna kubisa za mlongo wake, anayankha zosemphana. Poyamba anati sakudziwa chimene Yona wamwa, kenaka anati ndi tiyi wa kusitolo, ndipo dzina limene anapereka kuchipatala linali la munthu wina uja. Apolisi anayamba kuganiza kuti mayiyu anafuna kupha munthu.

Anabwera kwa a Kamtedza Lolemba masana, ine ndili pomwepo. Anawafunsa chifukwa chimene mayi wanzeru zake, wogwira ntchito yosamalira odwala, angawiritsire mbale wake masamba a kuseri kwa nyumba m'malo mopita naye kwa dokotala. Ine ndinkawayang'ana a Kamtedza, mumtima ndikuti nenani kuti simukudziwa. Anafotokoza zonse. Anati mayiyu amakonda mlongo wake, anabwera kudzapempha mankhwala, anakanizidwa, ndipo anachita zimenezi chifukwa mnyamatayo amaopa chipatala poti alibe mapepala. Anawonjezera kuti wolakwa woyamba ndi iwo, amene analankhula za chomeracho pagulu.

Edina sanaimbidwe mlandu. Yona anatumizidwa ku Malawi chaka chisanathe.

Anthu anaiwala msanga za kukhitchini kuja, mwina poti tinaziona ndife awiri okha, ine ndi Edina. Chimene chinayenda m'mafoni n'chakuti a Dokotala anagulitsa mwana wa eni kwa apolisi. Ena anati amaweta mankhwala oipa kuseri kwa nyumba. Ena anafika ponena kuti ndi chifukwa chake nkhope yawo imakokeka. M'tchalitchi benchi imene ankakhala inayamba kutsala yopanda anthu. Pa nthawi yopatsana mtendere, manja ankawadumpha. Ine ndinayesa kufotokoza kwa amene ankafuna kumva, koma sindinganame kuti ndinalimbika mokwanira. Ndinali ndi ana, ndipo sindinkafuna kuti nawonso azisalidwa. Panali miyezi imene ndinkawapatsa moni pampanda pokha, kutchalitchi n'kumakhala mbali ina. Iwo anaona, ndipo sanandifunsepo.

Wansembe wa parishi yathu nthawi imeneyo anali Mmalawi mnzathu, munthu wofuna mtendere. Anabwera kudzawaona, ndipo anandipempha kuti ndikhalepo. Anawapempha zinthu ziwiri, kuti azule chomeracho anthu aone, ndi kuti apepese pamaso pa gulu.

"Bambo mfumu," anatero a Kamtedza, "kupepesa ndipepesa. Ndinalankhula mopusa pa phwando, ndipo ndidzanena zimenezo kulikonse. Koma anthuwa sakufuna zimenezo. Akufuna ndipepese kuti ndinaimba foni. Kodi inu mukadakhalapo, mukadamusiya afe?"

"Sindikunena zimenezo, a Kamtedza. Ndikuti mitima ya anthu yapweteka. Nanga kwa apolisi kuja, simukanangokhala chete?"

"Ndikanakhala chete, mayi uja bwenzi ali m'ndende. Sankhani inuyo amene ndikanamutaya."

Wansembe anapukusa mutu. Anati chabwino, koma duwalo lichoke. A Kamtedza anakana. Anati akalizula ndiye kuti avomera kuti ndi mfiti. Anatinso ndi chinthu chokhacho chimene munthu anawapatsa m'dziko lino chifukwa chowalemekeza. Mawa lake anagula loko wamkulu n'kuika pa kanyumba kaja, n'kukhoma geti ya kuseri ndi misomali. Ine ndimaganiza kuti pamenepa anaumitsa mutu mosayenera, ndipo ndinawauza. Tinakhala milungu itatu osalankhulana.

Patapita zaka ziwiri tinamva kuti Yona wamwalira ku Balaka. Anagwa ndi sitiroko ali kumunda. Ati mapiritsi a magazi ankawapeza mwa apo ndi apo. Imfa imeneyo anthu anaiikanso pamutu pa a Kamtedza. Ndinapita kukawauza ndekha kuti asamvere kwa ena. Anali m'kanyumba kaja akudulira nthambi. Anamvetsera, anaika sizasi pansi, n'kufunsa zaka za ana a Yona. Nditawauza, anangoti mmm. Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso ku misa ya Amalawi. Ankapita ya m'mawa kwambiri, ya azungu okalamba. Sanaphunzitsenso munthu za mankhwala. Wina akawafunsa za chifuwa kapena zotupa, ankangoti pitani kwa dokotala wanu.

Atapuma ntchito anayamba kuchepa thupi. Mwana wawo wamkazi wa ku Lilongwe ankawaitana kuti abwerere, poti zinthu zinali zitasintha, iwo ankazengereza. Anandiuza kuti akuopa kukaona manda a akazi awo atamera kale udzu wa zaka zonsezi. M'kabati mwawo tinapezamo kalata yonena kuti adzaikidwe konkuno, ndi pepala lina lolembera ine. Linali la chomera chija. Analemba kuti ndivale magolovesi ndi malaya aatali manja, ndidule chonse, ndikumbe muzu, ndimange m'matumba, ndisawotche, ndiponso ndisapatse munthu aliyense kanthambi ngakhale atapempha bwanji. Ndinachita monga analembera. Zinanditengera masiku awiri.

Edina pamaliro sanabwere. Lamlungu lapitali, misa itatha, ndinamupeza ataima panja pa tchalitchi. Sanalowe. Anandipempha kuti tiyendere limodzi mpaka kwathu. Titafika anati akufuna kuona kuseri kuja, ndipo tinasuzumira pampanda wa kwanga.

"Asisi," anatero, "Yona asanakwere ndege anandituma. Anati ndikawauze madala aja kuti zikomo, kuti ankamva zonse pamene ankamuuzira mpweya, ankangolephera kuyankha. Atafika kumudzi anandifunsanso kawiri ngati ndinawauza. Ndinkati ndinawauza."

Anaima pang'ono, anakonza chikwama paphewa, n'kupita kukakwera basi.

M'nyumba ya a Kamtedza ija munalowa banja lina, anthu a dziko lina amene sadziwa kuti munkakhala ndani. Kanyumba ka pulasitiki mwini nyumba anakagwetsa, pamalopo anathirapo simenti. Pali mabini atatu ndi njinga ya mwana yopanda tcheni. Pakhoma patsala misomali imene chomera chija chinkayangapo, ili m'mizere, yopita m'mwamba mpaka pansi pa zenera la chipinda chogona, ndipo njerwa za pamenepo n'zoyera kusiyana ndi zinzake, poti mvula inakhala zaka yosazifika. Chaka chino zayamba kuda.